Za Kutenga Banja ku Nyanja



Tsopano dzinthu zalowa m'nkhokwe, makasu apachikidwa, ndipo ana ali pafupi kutsekera sukulu. Nyengo ino ndiyo imene munthu wa kumudzi aongola msana pang'ono asanayambe kusosa. Chifukwa chake mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene ena adzaiyesa yachabe, koma ife tiiyesa yaikulu: nkhani ya kutenga banja lonse, bambo, mai ndi ana, ndi kupita nalo ku nyanja masiku 3 kukapuma.

Tidziwa mau amene ali kale pakamwa panu. Mukuti: "Zimenezo nza azungu ndi anthu a m'tauni olandira malipiro pa mwezi. Ife ndalama tiitenga kuti?" Tamverani. Nyanja imeneyi ili m'dziko mwathu momwe. Kutalika kwake kuposa makilomita 560, ndipo cha kumpoto kuya kwake kufika pafupifupi mamita 700. Anthu a maiko akutali amataya chuma chambiri kuti adzaione, pamene ana athu obadwira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Balaka akula, nakwatira, nakalamba, osaiona ndi maso, angoidziwa pa mapu a kusukulu. Ndiponso ndalama zimene bambo mmodzi amwera mowa m'miyezi ya kukolola, kawirikawiri zikadakwanira kufikitsa banja lake pa gombe ndi kulibweza kwao. Chosowa si ndalama zokha ai. Chosowa chachikulu ndicho kupangana.

Kupusa kwathu kwa poyamba

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu, kuti inu mungagwe m'mbuna yomweyo. Chaka china tidagulitsa mtedza Lachitatu, ndipo Lachisanu tidali kale m'basi ndi banja lathu lonse. Sitidatenge ufa ngakhale mphika, pakuti tidati: ku nyanja kuli nsomba, tikadya komweko. Tidafika kutada, pa masiku a chikondwerero, nyumba zonse zotsika mtengo zitadzaza, ndipo tidalowa m'nyumba ina ya alendo m'mene usiku umodzi udadya theka la ndalama zathu. M'mawa mwake tidafuna kuona zonse tsiku limodzi, kuthamangira uku ndi uko dzuwa lili paliwombo. Ana adalira ndi njala, mai adakwiya, ifenso tidayankha ndi mau osayenera. Tsiku lachiwiri thumba lidauma, ndipo tidabwerera kwathu ndi ndalama ya katapila, imene idatidyera matumba 2 a chimanga. Matumba amenewo tidawakumbuka bwino mwezi wa Febuluwale. Pamwamba pa izo, patapita miyezi mwana wathu wamwamuna adayamba kukodza magazi, chifukwa tidamlola kusamba m'mabango.

Nyanja sidalakwe, tidalakwa ndife. Safunsa adadya phula. Kuyambira pamenepo tidapitakonso, titafunsa ndi kukonzeka, ndipo tidabwera ndi chimwemwe popanda ngongole. Zimene tidaphunzira ndi izi.

Za nyengo

Nyanja ili ndi mphepo zake, ndipo asodzi azidziwa monga inu mudziwa mitambo ya mvula. Kuyambira Meyi kapena Juni kufikira Ogasiti kuomba mwera, wochokera kumwera cha kum'mawa. Nyengo imeneyo kunja kuzizira bwino, udzudzu uchepa, koma pakati pa nyanja pamakhala mafunde oopsa. Mu Seputembala ndi Okutobala madzi adekha nayera, koma kutentha kukula kwambiri, kotero kuti ana a kumapiri avutika nako. Nthawi ya dzinja musaganizeko konse: munda ukufunani, ndipo udzudzu uchuluka.

Pewani masiku amene anthu onse athamangira ku nyanja, ndiwo a Khrisimasi, a Pasaka, ndi Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala. Pa masiku otere mitengo ya basi ndi ya malo ogona ikwera, ndipo gombe lidzaza ndi phokoso ndi mowa. Nyamukani Lachiwiri m'mamawa, mubwerere Lachisanu. Mudzapeza malo otsika mtengo, ndipo Lamulungu lidzakupezani kwanu.

Za ndalama

Ulendo wa ngongole si mpumulo ai, ndiwo goli. Ngati ndalama sizikwanira chaka chino, yambani kusunga lero, mupite chaka cha mawa, nyanja sithawa. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Amene ali m'banki m'khonde aike padera gawo la ulendo. Wina alere nkhuku kapena mbuzi imodzi, naitche ya ku nyanja, kuti ana omwe aisamale podziwa chimene idzawagulira.

Ndalama zikapezeka, bambo ndi mai akhale pansi pamodzi, azigawe panai. Gawo loyamba ndi la ulendo wopita ndi wobwerera. Lachiwiri ndi la malo ogona. Lachitatu ndi la ndiwo, makala ndi zolipira polowa m'malo oonerera. Lachinai ndi la mwadzidzidzi, monga matenda. Ndalama yobwererera imangidwe pa chitenje cha mai, ndipo isamasulidwe ngakhale chambo chikome bwanji.

Mutu umodzi susenza denga. Mabanja awiri ogwirizana akapita pamodzi, agawana mbaula, makala ndi mtengo wa boti, ndiponso maso oyang'anira ana achuluka. Musananyamuke funsani munthu wa m'mudzi mwanu amene amapita kukagula nsomba. Iye adziwa nyumba zogona alendo zaulemu ndi zotsika mtengo. Imbani foni, mumve mtengo, mufunsenso ngati alola kuphika pabwalo. Ngati muli ndi abale kumeneko, auzeni nthawi ilipo, ndipo musafike chimanjamanja. Kuyambira kale anthu a kumtunda ndi a kunyanja amasinthana ufa ndi nsomba. Mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi za kumapiri zilandiridwa ndi manja awiri pa gombe.

Za katundu

Chimene chitha ndalama pa ulendo si basi ai, koma chakudya chogula chophikaphika. Tengani ufa wokwanira masiku onse, nyemba, mchere, mafuta, shuga, masamba a tiyi, mbatata, ndi mtedza wokazinga wa ana m'njira. Tengani miphika 2, mthiko, chipande, mbale, mphasa, chigubu cha madzi akumwa ndi mankhwala othira m'madzimo. Neti ya udzudzu isatsale, mabuku a kuchipatala a ana asatsale, ndi chiphaso cha unzika chisatsale, pakuti polowa m'malo otetezedwa ndi boma eni dziko alipira pang'ono kuposa alendo akunja. Ku nyanja mugule nsomba, tomato ndi makala basi.

Tsiku loyamba: pa Mangochi

A ku Ntcheu ndi ku Balaka adzera ku Mangochi. A ku Dedza angathe kutsika pa Khwekhwerere kudzera pa Golomoti ndi kulunjika ku Monkey Bay, nadzaona Mangochi pobwerera. Tauni imeneyi ili pa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja yaikulu ndi nyanja ya Malombe. Imani pa mlatho muuze ana kuti mitsinje yolowa m'nyanja njambiri, koma wotulukamo ndi uwu umodzi wokha, ndipo madzi akuwaonawo apita kukagwera mu Zambezi.

Pafupi ndi mlathowo pali zinthu zimene muona popanda kulipira. Pali nsanja ya wotchi imene idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina la linga limene Angerezi adamanga mu 1891. Pali mfuti yaikulu ya sitima yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yaikulu itangoyamba ku Ulaya, sitima imeneyo idaoloka nyanja, nipeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo idaiombera. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo adali asanamve konse kuti kwabuka nkhondo. Anyamata akonda nkhani imeneyi.

Koma palinso chikumbutso china chimene tipempha kuti muime nacho mwakachetechete. Ndicho cha sitima ya Viphya, imene idamira ndi namondwe cha kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 adafa. Uzani ana kuti imeneyo idali sitima yachitsulo, yatsopano, ndipo mwezi wake udali wa mwera. Akamva zimenezi sadzakangana nanu pamene muwaletsa kukwera bwato mphepo ikuomba.

M'tauni momwemo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale za pa nyanja, yolowa ndi ndalama yochepa. Ndipo pafupi pomwepo ndi kwa Mponda, kumene Abambo Oyera adafika kumapeto kwa 1889, nakhala m'mavuto kufikira 1891 pamene adachoka. Tsiku limeneli musalichulukitsire zina. Idyani nsima yanu, mupitirire ulendo dzuwa lisanapendeke, kuti mukafike kogona kusanade.

Tsiku lachiwiri: pa Chembe

Kuchokera pa Mangochi kufika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa pang'ono 60, ndipo musanalowe m'tauniyo pali msewu wopatukira kumanzere, wodzera m'mapiri, wofika ku mudzi wa Chembe, kumene azungu akutcha Cape Maclear. Dzina limeneli adapereka ndi David Livingstone, potchula bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Tikuuzani za malo amenewa chifukwa gombe lake lapenya kumpoto cha kumadzulo, ndipo mapiri alitchinjiriza ku mwera; tsono ngakhale mu Ogasiti madzi a m'mphepete amakhala odekha masiku ambiri.

Dzukani mbandakucha, mutsikire ku gombe pamene asodzi akubwera kuchokera ku nchito ya usiku. Pamenepo pali sukulu yopanda malipiro. Ana aone mabwato akukocheza, usipa ukuyanikidwa pa matandala, amuna akusoka maukonde. Aphunzire kusiyanitsa usipa, utaka, mcheni, kampango ndi chambo. Nsomba yogula pa bwato m'mawa itsika mtengo kuposa ya pamsika masana, ndipo utaka wauwisi wootcha pa makala sudzakuchititsani manyazi ngati chambo chakwera mtengo.

Dzuwa lisanakule pitani cha ku miyala, kumalekezero a mudzi, kumene kuyambira malo otetezedwa. Boma lidapatula malo amenewa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawalemba m'gulu la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Chifukwa chake ndi nsomba, pakuti palibe nyanja ina pa dziko imene ili ndi mitundu yambiri ya nsomba monga yathuyi. Pa miyala pamakhala tinsomba totchedwa mbuna, tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere. Mwana aime chilili m'madzi ofika m'maondo, asagwedezeke, posachedwa tidzamzungulira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma asayese kutigwira, pakuti lamulo liletsa kuwedza m'madzi a malo otetezedwa kufikira mamita 100 kuchokera pamtunda, ndiponso liletsa kudula mitengo.

Pamenepo uzani ana chinthu chodabwitsa ichi: mbuna ndi chambo zilera ana m'kamwa. Yaikazi ikaikira mazira iwatola, niwasunga m'kamwa mwake mpaka aswe, nisunganso anawo momwemo, zonse pamodzi masabata angapo, osadya bwino. Ndipo chambo, ana ake akaona choopsa, athamangira kubwerera m'kamwa mwa mai wao. Nchifukwa chake boma litseka usodzi wa makoka ena mu Novembala ndi Disembala, nthawi ya kuswana, pakuti wogwira chambo chimodzi pa nyengo imeneyo apha ndi ana omwe. Musagule chambo chaching'ono, ngakhale akuchitsitseni mtengo.

M'malo otetezedwa momwemo muli manda a amishoni a ku Scotland amene adafika mu 1875 ndi sitima yaing'ono ya Ilala, namanga Livingstonia woyamba. Malungo adawatha mphamvu, ena adafa, ndipo mu 1881 otsala adasamukira ku Bandawe. M'mbali mwa msewu wolowera ku mudzi mulinso Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini za agogo athu. Anyani ndi apusi achuluka m'menemo. Musawapatse chakudya, ndipo gwirani bwino thumba la mbatata.

Kunena za boti lopita ku chilumba cha Thumbi, kumene eni maboti aimba mluzu ndi kuponya nsomba kuti nkhwazi itsike kudzaitola, ndi chinthu chokoma ndithu, ndipo ana adzaona yamoyo mbalame imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu. Koma panganani mtengo musanakwere, pitani m'mawa, ndipo aliyense avale jekete loyandamitsa. Boti lodzaza kwambiri, kapena la munthu wonunkha mowa, likanani ngakhale likhale laulere. Ndalama zikachepa, lekani. Nkhwazi ilira ndi kuuluka pamwamba pa gombe tsiku lonse, ndipo siitanitsa malipiro.

Tsiku lachitatu: kungokhala

Ili ndilo tsiku limene ife tidalephera pa ulendo wathu woyamba, ndipo ndilo lokoma koposa. Musakonze kanthu. Yalani mphasa pa mthunzi. Ana amange nyumba za mchenga, atole zigoba, atsikana achite phada, anyamata akumbe maenje a bawo mu mchenga nasewere ndi timiyala. Masana dzuwa likatentha, onse agone. Madzulo, nyali za asodzi zikayamba kuyaka pa madzi ngati mudzi wina woyandama, zimitsani foni, wina ati "Padangotero," ena ayankhe "Tili tonse." Ana adzaiwala mtengo wa basi, koma usiku umenewo sadzauiwala.

Tili ndi mau kwa inu azibambo. Ngati mai afika ku nyanja kudzatunga madzi, kuphika, kutsuka mbale ndi kuchapa, monga achita chaka chonse, pamene inu muli gone pa mphasa, ndiye kuti wapuma ndinu nokha. Iwo angosamutsa khitchini. Asodzi amadziphikira okha pa gombe ndipo palibe awaseka. Kolezani moto, otchani nsomba, anyamata atsuke mbale. Masiku 3 okha pa chaka mai akhale pansi, aone madzi.

Pobwerera, nthawi ikalola, patukirani pa doko la Monkey Bay. Pamenepo ndi pamene adalumikizira sitima ya Ilala yatsopano, imene zitsulo zake zidachokera ku Scotland, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja mu 1951.

Zoopsa zinai

Choyamba ndi madzi eni ake. Mwana amira mwakachetechete, osakuwa, ndipo nthawi yake siposa imene mai atembenuka kukavundula nsima. Ana akalowa m'madzi, wamkulu mmodzi akhale wopanda nchito ina iliyonse koma kuwayang'ana, ndipo akafuna kuchoka atchule dzina la womlowa m'malo. Wosadziwa kusambira asapitirire madzi a m'chiuno. Mchenga wa pansi umatha mwadzidzidzi. Munthu amene wamwa mowa asalowe m'madzi konse.

Chachiwiri ndi ng'ona ndi mvuu. Zikonda mu Shire, pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango. Musasambe mu mtsinje pa Mangochi, musasambe kukada kapena mbandakucha, ndipo funsani eni mudzi malo amene ana ao amasamba.

Chachitatu ndi likodzo, ndipo limayenda motere. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo aswa, tizilomboto tilowa mu nkhono za m'madzi, tikula m'menemo, kenaka tituluka ndi kuboola khungu la munthu wosamba, osamva iye kanthu. Nkhono zimenezi zichuluka m'mabango ndi m'madzi osayenda a pafupi ndi midzi, koma ngakhale madzi oyera a pa Chembe sali opanda likodzo. Tsono pewani mabango, musakodze m'nyanja, ndipo patapita miyezi 2 mutabwerera, pitani nonse ku chipatala mukanene kuti mudasamba m'nyanja. Mankhwala ake, praziquantel, agwira bwino nchito tizilombo titakula. Nchifukwa chake tinena miyezi 2, osati tsiku lomwelo. Musadikire magazi monga tidachitira ife.

Chachinai ndi malungo. Ana a kumapiri ozizira sadazolowere udzudzu wa ku nyanja. Onse agone m'neti usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi, kaya muli komweko kaya mwabwerera, mpititseni kukayezetsa tsiku lomwelo. Madzi a m'nyanja musamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala.

Za ulemu kwa eni malo

Mlendo ndi mame. Inu mudzachoka, koma eni gombe atsala, ndipo kumene inu mukupuma iwo akugwira nchito. Musaponde maukonde oyanikidwa, musakhale pa bwato la mwini osapempha, musajambule munthu osamfunsa. Pa Mangochi ambiri ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Valani modzilemekeza, ndipo musanyoze chakudya chao kapena mapemphero ao. Mukapereka moni wa Chiyao, "Ali uli?", mudzaona nkhope zikumasuka. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo musataye pa mchenga. Bwererani nazo kudzala.

Tsono, abale athu, usiku uno mukatha kudya, musabalalike msanga. Bambo atenge pepala, mai anene za ufa ndi nyemba zimene zingapatulidwe, mwana wa sukulu awerengetse. Mukapeza kuti zikwanira popanda kukhudza chimanga cha dzinja, ndalama ya feteleza ndi ya sukulu, sankhani tsiku. Mukapeza kuti sizikwanira, musachite manyazi ndipo musakongole. Patulani nkhuku imodzi mawa m'mawa, muitche ya ku nyanja. Ndipo amene adzapita, pobwera atengereko agogo otsala pakhomo kathumba ka usipa.

Tsalani bwino.